Chala Chimodzi cha Amake Esinati

Lachinayi madzulo. Kunja kwazizira, koma mtima wanga uli m'malo.

Mwana wathu Esinati wafika m'mawa kuchokera ku Blantyre. Ndi dokotala wa ululu, ntchito imene ine ndinkachita nayo manyazi. A Likaka, anzanga a pabawo ku Namitambo, amandiseka. Amati, "Ana a anzathu amang'amba mimba n'kuchotsa matenda, wanuyo amangofunsa kuti pakuwawa pati."

Amake sanagone sabata yathunthu ndi ululu wa chotupa chimene akudwala, koma ataona mwana anadzuka kuti asese. Esinati anawakhazika pamkeka.

"Amayi, ndionetseni ululu wanu ndi zala. Chimodzi ndiye kuti pang'ono, zisanu ndiye zosapiririka."

Iwo anatukula chimodzi.

"Bodza limeneli ndimalimva tsiku lililonse kuchipatala," anatero Esinati akuseka. "Ine si mlendo pano ayi."

Anawagwira dzanja n'kudikira. Zala zinayamba kutambasuka zokha, pang'onopang'ono, mpaka zonse zisanu. Ine miyezi yonseyi ndinkangokhulupirira chimodzi chija, iwo akamati pakuwawa pang'ono.

Wawamwetsa mankhwala amadzi, wandiphunzitsanso maola ake. Chotupacho sichichoka, wandiuza mosabisa. Koma panopa amake akuliza mkonono moti nkhuku zathawa pakhonde.

Mawa a Likaka abwere adzamve okha mkononowu, ndiye tione ngati angandisekenso.