Kunsi kwa Pikapu ya Bambo

Wokondedwa Mzime,

Landira moni, mlongo wanga. Uli bwanji kumeneko? Nanga mlamu wanga ndi ana? Chifuwa chija chinkamuvuta wamng'ono chinatha? Kuno tilipo. Amayi ndi miyendo yomwe ija, m'mawa imawavuta koma dzuwa likakwera amayenda. Bambo ali gwa, mwina kuposa iwe ndi ine. Wodwala pakhomo pano ndi mmodzi yekha, ndipo ali ndi matayala anayi.

Usadabwe kuti ndalemba kalata chikhalirecho timalankhulana pa foni Lamlungu lililonse. Iwe ukaimba, bambo amakhala pambali panga khutu lili tcheru. Ukangofunsa za galimoto amandilanda foni n'kukuuza kuti ikuyenda ngati yatuluka dzulo m'fakitale. Ine ndimangoyang'ana kudenga. Tsopano zandikwana, ndipo wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Pikapu unawagulira ija ikudontha oyilo. Sinayambe lero ayi. Ikudonthera pa sampu, chibeseni chija chili kunsi kwa injini momwe mumakhala oyilo. Usaganize kuti ndasanduka makaniko. Mawu amenewa ndawaphunzira mosafuna, ine munthu wa singano ndi ulusi.

Oyamba kuona anali amayi. Akusesa m'mawa anapeza timadontho takuda pa simenti pomwe galimoto imagona, ndipo anayamba akalipira galu. Tsiku lomwelo bambo atabwera kotula matabwa a munthu wina, ndinawakakamiza kuti tipite kugalaja komwe unaigula. Anatilandira bwino, mpaka tiyi anatipatsa. Anati mabawuti anali osamanga bwino, anawalimbitsa, ndipo sitinalipire kanthu poti ili pa waranti, pangano lija loti ikavuta amakonza ulere. Tinabwerako tikuyamikira ulemu wawo.

Mwezi usanathe, timadontho tija tinabwerera. Ulendo uno anamasula sampu yonse n'kupaka guluu watsopano. Titapitanso kachitatu, anapakanso guluu. Guluu amene apaka pamenepo bwenzi atamata nsapato za ana a sukulu yonse.

Pamenepo ndi pomwe kapitawo wa amakaniko, bambo wina wadazi wolankhula motsitsa, anatiitanira pambali. Anati akuganiza kuti sampuyo inabwera yopindika kuchokera kufakitale, mlomo wake sugwirana bwino ndi injini, ndiye ngakhale atapaka guluu mpaka chaka chamawa sizingathandize. Anati pakufunika sampu yatsopano, ndipo opanga galimoto amapereka ulere. Koma kuti avomere, amafuna zithunzi zojambulidwa m'galaja momwemo zoonetsa oyilo akuchucha. Anatiuza kuti tiigwiritse ntchito masabata angapo, isenze katundu, itenthe, kenako tibwere nayo.

Ndinaona ngati nkhani yatha. Ndikanadziwa.

Tinapita, anaikweza m'mwamba, anaunika ndi tochi, n'kupeza kunsi kuli gwaa, kouma. Anatibweza. Tinapitanso, chimodzimodzi. Kunyumba ikudontha, kugalaja yachira. Ndinafika poganiza kuti galimotoyi ili ngati mwana amene amalira m'mimba usiku wonse, koma akangoona dokotala ayamba kusewera.

Udziwe kuti ulendo uliwonse ine ndimatseka shopu yanga, poti bambo mapepala ndi zolembalemba amati ndi zanga. Madiresi a eni amangokhala pa makina, makasitomala akundiimbira ngati ndathawa nawo. Chipinda chodikirira cha kugalajako ndachiloweza pamtima. Mipando yapulasitiki ija, umodzi ndi wong'aluka ndipo umatsina. Wailesi ya kanema imangoonetsa anthu akutsegula pakamwa popanda mawu. Tiyi uja anasiya kutipatsa kalekale. Mayi wa pa desiki, wa zikhadabo zazitali, safunsanso dzina. Akangotiona pakhomo amapumira m'mwamba.

Ndinaganiza nzeru. Ndinayala katoni kunsi kwa galimoto, n'kuisiya mpaka inada bii. Tsiku lopita ndinainyamula m'khwapa ngati satifiketi, n'kukaigwetsa pa desiki paja. Mayi uja anaikankha ndi cholembera, n'kunena kuti katoni si galimoto, itha kuchokera kunsi kwa thirakitala ya aliyense.

Mzime, umandidziwa ndikapsa mtima. Ndinawalalatira. Ndinati ndi akuba ovala mataye, akungozengereza dala kuti waranti ithe kenako atidyere bwino. Ndinati mlongo wanga anadzimana zaka ndi zaka kuti agule galimoto yatsopano, osati sefa. Bambo amangondikoka mkono wa bulauzi kuti ndikhale pansi, ine osamva. Anthu ena odikirira anali akuseka chamumtima, wina mpaka anatsitsa nyuzipepala kuti aonerere bwino.

Kapitawo uja anatuluka akupukuta m'manja. Sanandiyankhe mokalipa. Anangondipempha kuti ndimutsatire, n'kunditengera kunsi kwenikweni kwa galimoto yathu ili m'mwamba. Anandipatsa tochi, nati ndigwire sampuyo ndi chala. Ndinagwira, chala chinabwera choyera. Anati ndinunkhize. Ndinanunkhiza, ndipo linali fungo la sopo, yemwe uja amayi amachapira zovala.

Kenako anandionetsa pikapu ina pambali, yongogulidwa kumene. Kunsi kwake kunali fumbi ndi matope monga mwa galimoto iliyonse yoyenda pamsewu. Anati chiyambire ntchito yake sanaonepo galimoto yonyamula matabwa ndi simenti yowala kunsi chonchi, mpaka mitu ya mabawuti kuchita kung'anima. Anafunsa mwaulemu kuti kodi kunyumba amaisambitsa ndani. Ndinacheuka kuti ndifunse bambo. Bambo anali atatuluka panja, akuyang'anitsitsa matayala ogulitsa ngati akufuna kugula onse.

Manyazi amene anandigwira tsiku limenelo sindidzawaiwala. Ndinadutsa pa desiki paja nditazyolika, katoni yanga m'khwapa.

Sindinawafunse kanthu m'njira. Ndinadikira tsiku lina lomwe a kugalaja anatipatsa, ndipo m'malo mowadikira bambo pamsewu monga mwa masiku onse, ndinalawirira kunyumba. Ndinapeza miyendo yokha ikuonekera kunsi kwa galimoto. Bambo ako anali chagada pa chiguduli, pambali pawo beseni la thovu, botolo la palafini, nsanza za nsalu yakale ya pabedi, ndi mswachi. Mswachi wotsukira mano, Mzime. Amapita nawo bawuti ndi bawuti, akuimba kanyimbo.

Amayi anali pakhonde akusoka batani. Anati iwo amadziwa kuyambira kale, koma ankayesa kuti ndi a kugalaja anawalamula kutero. Dandaulo lawo linali la sopo basi, kuti masiku ano sakukhalitsa.

Bambo atatuluka ndinawafunsa kuti akuchita chiyani. Anandiyang'ana ngati ndafunsa zopusa. Anati munthu popita kuchipatala amayamba wasamba. Ndinati inde amasamba, koma sabisa chilonda. Anati iwo ayendetsa malole a anthu moyo wawo wonse, ndipo palibe tsiku anabwezapo galimoto yakuda. Mabwana awo ankapititsa chala pa injini, chikada, tsiku limenelo wadulidwa malipiro. Anati pamapepala a kugalaja pali dzina lako, ndipo sangalole anyamata a kumeneko aziseka kuti mwana anasiyira galimoto mdala wosadziwa kusamala.

Ndinakhala nawo pansi n'kuwafotokozera zonse bwinobwino, ngati ndikuphunzitsa munthu kulowetsa ulusi. Anagwedeza mutu, anavomera, anati amva. Ndinaimba kugalaja kupempha tsiku lina. Beseni ndinabisa, mswachi ndinataya.

Sabata isanathe amayi anandinong'oneza kuti malaya amkati a bambo apezeka m'zochapa ali oyilo yekhayekha. Nditawafunsa, anati sanatsuke, anangopukuta. Kwa iwo kutsuka ndi kupukuta ndi milandu iwiri yosiyana.

Ndinapempha makiyi kuti galimoto izigona kwanga. Makiyi amenewo amagona m'thumba la buluku lawo, ndipo buluku limagona kunsi kwa pilo. Ndinafunsa kapitawo ngati tingaisiye kugalaja kuti aione okha. Anati ikangokhala siidontha mokwanira, imafuna itenthe ndi katundu pamsana. Ndiye ona mmene ndagwirira njakata. Woti aiyendetse ndi yemweyo woipukuta.

Dzana tinayambana kwambiri. Ndinalankhula mokweza kuposa mmene mwana amayenera kulankhulira ndi bambo ake. Ndinati liuma lawo litiphetsa injini. Ndinati wobisa matenda maliro adzamuulula. Ndinati ngati sakufuna kundimvera, ndikuuza iwe zonse.

Apo anasiya zomwe amachita. Anayankha motsitsa kwambiri, moti ndinachita kusendera pafupi. Anati galimotoyo si yanga, ndipo si yawonso. Mwini wake ali kutali, iwo anangosungitsidwa. Anati tsiku lomwe udzabwere uyenera kudzaipeza mmene unaisiyira. Anati ukamva kuti ikudontha udzadandaula kuti thukuta lako linapita pachabe, ndipo mwana amene ali kwa eni samuuza zomusowetsa tulo. Anandiletsa kuti ndisakuuze, atandiloza ndi chala.

Mkwiyo wanga wonse unathera pomwepo, m'malo mwake munalowa chisoni. Ndinakumbukira tsiku lija unawapatsa makiyi pabwalo, ukunena kuti nayi galimoto yanu bambo. Tonse tinamva kuti yanu. Iwo okha anamva kuti mwalembedwa ntchito. Ndipo nditaganiza bwino, zizindikiro zinalipo. Mipando ikadali ndi mapulasitiki ake. Wailesi ya m'galimoto sanaitsegulepo. Amayi akafuna kudya nthochi m'njira, bambo amaimitsa galimoto kuti adyere panja. Ife tinkangoseka kuti ndi ukhondo wa madalaivala akale.

Tsopano nthawi yatithera. Waranti ikutha kumapeto kwa mwezi wamawa. Kapitawo wati atisungira mpata umodzi wotsiriza, ndipo kuti zithunzi zioneke bwino, galimoto iyenera kuyenda masabata awiri osagwiridwa kunsi. Tikaphonya pamenepo, sampu tidzagula tokha. Koma chomwe chikundiopsa si chimenecho. Bambo amathira oyilo wowonjezera m'mawa uliwonse mobisa, botolo amalisunga kuseri kwa mpando. Tsiku lina adzaiwala, kapena idzadontha kwambiri ali pachitunda ndi simenti ya eni, injini n'kuuma. Ikadzafa galimoto imeneyi m'manja mwawo, sindikudziwa ngati bambo ako adzaimenso mowongoka.

Ndiye pempho langa ndi ili, mlongo wanga. Sindikufuna ndalama. Ndikufuna uwaimbire pa foni yawo, osati yanga, ndipo usadikire Lamlungu pomwe tonse timaunjikana. Uwauze kuti ukudziwa. Unene kuti ndakuuza ndine, usaope, kundikwiyira andikwiyira koma ndinazolowera. Uwauze kuti vuto ndi la kufakitale, si la manja awo, ndiponso kuti iwe sunakhumudwe.

Koma usamale mmene ukanenere. Ukangowalamula kuti asiye kutsuka, amvera tsiku lomwelo, ndikudziwa. Adzati chabwino bwana, ndipo sampu tidzapeza, koma iwe udzakhala bwana wawo mpaka kalekale. Ine sindikufuna zimenezo. Uwauze kuti galimotoyo ndi yawo. Ubwereze kawiri, katatu, mpaka akhulupirire. Ngati n'kotheka tisinthe ndi dzina pamapepala, liwoneke lawo. Munthu amene wakalamba akupukuta zinthu za eni ayenera kukhala ndi chake chimodzi choti achidetse popanda kuopa chala cha wina.

Kalatayi ndikuilembera pa tebulo la amayi, ndipo ndiijambula n'kukutumizira pa foni kuti isachedwe. Chiyambanireni dzana lija bambo sanaigwire galimoto. M'mawa ndinagwada n'kusuzumira, ndipo kunsi kwayamba kuda bwino, oyilo wagwira fumbi, kadontho kakulendewera pa bawuti. Sindinaganizepo kuti ndingasangalale ndi litsiro chonchi.

Koma bambo akuvutika. Akungozungulira galimoto manja ali kumbuyo, akaima, akayang'ana pansi, akachokapo, akabweranso. Chakudya chamasana angochilawa.

Undiperekere moni kwa mlamu wanga, umuuze kuti diresi lake lija ndimaliza ndikangomasuka ku ukaidi wa kugalajawu. Ana uwapsompsone m'malo mwanga. Amayi akuti uzivala zovala zamphepo. Mulungu akusunge, akupatse mphamvu pa ntchito, ndiponso akupatse mawu abwino pa foni imeneyo.

Ndilekere pomwepa. Ndikumva mpopi wa panja watsegulidwa, ndipo madzi akugwera m'chinthu chomveka ngati beseni lija ndinabisa. Ndikupita kukakhalapo pa beseni limenelo, ndipo sindidzukapo mpaka foni ya bambo italira.

Imba, Mzime.

Ndine mchemwali wako,
Telala wa pakhomo pano