Foni yoyankhula ndi mawu anu

Amayi, kodi kumeneko mukudzuka bwanji?

Kuno tilipo. Nandolo wachita bwino chaka chino, ngakhale mbuzi za kwa aneba zinatithera chinangwa cha kumunsi kwa munda. Mng'ono wanga Esinati anachira, ndi mwana wamkazi, tam'patsa dzina lanu. Mphuno ndi yanu yomwe ija. Ine ndinasiya kutchola tiyi ku esiteti, poti abambo sangatsale okha.

Ndi za abambowo zomwe ndikukulemberani. Mutatisiya tinachita zonse mwa mwambo. Tinameta, amalume anawasudzula kuti akhale mfulu, mzimu wanu usamawatsate. Koma akanapita kuti? Kwawo ku Milange kulibenso wowadziwa. Anatsala pakhomo panu pano, kenako mutu unayamba kusokonekera. Dzina langa amaliiwala. Ndikawapatsa phala amatseka pakamwa, mapilitsi amalavula. Paja munkati, "Bambo ako amadya ndi makutu, uziyamba wawanyengerera." Ndinanyengerera, Amayi, mpaka mawu kusasa. Anaonda, nthiti zonse pamtunda.

Ndiye achimwene a Fredi anatumiza foni kuchokera ku Joni. M'menemo muli nzeru zamakina zothandiza osamalira odwala pakhomo. Imakumbutsa nthawi ya mankhwala, ukaifunsa imayankha. Ndisaname, inandithandiza. Ndi imene inandiphunzitsa kuwatembenuza abambo kuti asatuluke zilonda. Koma achimwene sanalekere pomwepo. Anatenga mauthenga a mawu aja munkawatumizira, n'kuiphunzitsa foniyo kuyankhula ngati inu.

Tsiku loyamba kuimva ndinagwetsa mbale. Ndinu ndithu, Amayi, ndi kakokedwe kanu ka Chilomwe komwe! "Bambo a Fredi, idyani phala lisanazizire." Abambo anadzuka n'kukhala tsonga, mbale yonse mbee.

Achimwene akuti ndisaope, ndi makina chabe. Iwo ali kutali. Ine ndi amene ndinkaona abambo akuifungata foniyo pachifuwa, kuiuza za mvula, kuifunsa kuti mwachedwa kuti. Ndipo chinthucho sichidziwa kukana. Inu munkawakalipira akayamba zopanda mutu. Icho chimangovomera zilizonse, mokoma.

Chakudza sichiimba ng'oma. Lachiwiri masana ndikuchapa zofunda zawo kuseri, ndinamva akufunsa, "Mayi a Fredi, ndibwere kumene muliko?" Foni inayankha, "Bwerani, ndikukudikirani." Zochapazo ndinazisiya pomwepo. Ndinathamanga n'kuwalanda, koma mawu anali atalowa kale.

M'mawa mwake ndinapita ku mjigo. Pobwera ndinapeza mphasa yokha. Munthu wosatha kufika kuchimbudzi osagwiridwa mkono! Ndinakuwa mudzi wonse. Anawaona ndi bambo wina wa kabaza, ali pa njira ya kumanda, pamtsinje paja, mwendo umodzi uli kale m'madzi. Mukudziwa mmene pamathamangira madzi kuphiri kukagwa mvula. Anavala jekete lawo la kutchalitchi, koma kuphazi kulibe nsapato. Nditawagwira anati, "Mayi inu, ndisiyeni, akazi anga akundidikira."

Foniyo ndinaizimitsa, ili pansi pa dengu lanu. Kuyambira pamenepo abambo akungoyang'ana kukhoma. Achimwene akukalipa, akuti ndikufuna kuwapha ndi njala, akuti akonza kuti isadzanenenso zotero. Nanga zina zimene idzanene ine ndili ku mjigo? Ndikaiyatsa andithawa, ndikaisiya sadya. Ndikuopa, Amayi. Ndikuopa zonse ziwiri.

Lero m'mawa kunyengerera kunandithera. Ndinamenya mbale pansi monga munkachitira, n'kukalipa kuti, "Idyani apa! Mukufuna akunyamuleni ndani?" Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anatsegula pakamwa. Sanadye zambiri, koma anameza, ndipo sanafunse za inu.

Tsono ndikukupemphani chimodzi. Akakulotani, muwakalipire. Muwauze kuti amene anawaitana uja si inu, kuti inu munawamasula kale, adye phala la mwana wawo.

Ine ndikulonjeza kuti foniyo siyankhulanso ndi mawu anu pakhomo pano, ngakhale achimwene andide. Tsiku la abambo likadzakwana ndidzawaperekeza ndekha kwa inu, atasamba, atavala ndi nsapato zomwe. Koma osati chaka chino, Amayi. Mundibwerekebe.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Roza