Thandizo Akubwera Yekha

Moroni, Comoros
14 Novembala

Okondedwa achemwali a Esinala,

Mwacherwa tani kumeneko kwa Mlolo? Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino, inu ndi alamu a Smart pamodzi ndi ana. Nanga mwendo wa amayi uja unaphwa? Ife kuno matupi ali bwino, koma mtima wanga suli m'malo. Ndinafuna kukuuzani pa foni Lamulungu lija koma mawu anakana kutuluka. Ndiye ndalemba pamanja, ndijambula ndi kutumiza kwa achimwene a Paulo kuti akusonyezeni. Muwerenge muli nokha.

Mukudziwa kuti alamu anu, bambo a Thandizo, anabwera kuno kudzasamalira makina omvetsera zochitika pansi pa nthaka. Chimene sindinakufotokozereni bwino n'chakuti chilumba chathu chino cha Ngazidja chinamangidwa ndi moto. Phiri lake lalikulu, Karthala, lili ndi chidzenje pamwamba, ndipo m'mimba mwake muli miyala yosungunuka ngati phala. Mudzi umene tikukhala uli m'nthiti mwa phirilo, kumtunda kwa tauni.

Makinawo amakwiriridwa m'nthaka, amayendera sola, ndipo amatumiza mizere ku ofesi. Titangofika chaka chatha anandionetsa pa kompyuta. Mzere unali wowongoka, kungogwedera apo ndi apo. Kuyambira mwezi wathawu ukuoneka ngati pamene yapalasa nkhuku. Iwo akuti ndi phala la moto lija likukwera, likuswa miyala kufuna njira. Ndinawafunsa kuti litulukira pati komanso liti. Anandiyankha kuti palibe akudziwa, ngakhale bwana wawo wophunzira kwambiri uja. Likhoza kutuluka mawa, likhozanso kugona zaka khumi.

Achemwali, kuno kulibe mtsinje ngakhale umodzi woyenda chaka chonse. Inu amene mumakhala pakati pa Shire ndi Ruo simungakhulupirire. Mvula imagwa yambiri, koma mwala wakuno ndi wamibowomibowo, umamwa yonse. Nyumba iliyonse ili ndi thanki ya simenti yosungira madzi a padenga. Mayi Echata, oyandikana nawo nyumba amene anandiphunzitsa chilankhulo chakuno, akuti mu 2005 phiri linalavula phulusa kuwiri. Linagwera m'mathanki, madzi n'kukhala osamweka, anthu n'kumadikira obwera pa galimoto. Sabata ino tavindikira thanki yathu ndi malata ndi mapepala apulasitiki.

Mayi omwewa anandiperekeza kumudzi kwawo ku Singani, kumene moto unadutsa mu 1977 iwo ali kamtsikana. Ndinaona mwala wakuda bii, wotambalala, kuchokera kumtunda mpaka kukalowa m'nyanja. Anaima penapake n'kuponda ndi phazi, akuti nyumba ya agogo awo ili pansi pamenepo. Akuti chiphalaphalacho sichinkathamanga, chinkangobwera mwakachetechete ngati madzi olowa m'dimba, anthu mpaka anazula zitseko n'kusenza. Ine ndinaganiza za kwathu. Madzi akaphwa timabwerera, tichotsa matope n'kudzala chimanga ndi mbatata. Apa ayi. Padutsa zaka zonsezi khasu silingalowe.

Zamoyo zakuno n'zodabwitsa, ndipo Thandizo ndiye wazikonda koposa. Asodzi amasimba za nsomba ya pansi penipeni pa nyanja yotchedwa gombesa, yokhala ndi zipsepse ngati miyendo. Tinaiona youmitsidwa m'nyumba yosungira zakale, mwana n'kunena kuti ndi mkulu wake wa dowe, nsomba ija ya m'dambo mwathu. Palinso mileme yaikulu ngati khwangwala, ya mutu wofiirira ngati kagalu, youluka dzuwa likadalipo. Inkadzaza mumtengo wa mango kuseri kwa sukulu imene ndimaphunzitsa. Masabata awiri apitawo inachoka yonse tsiku limodzi, mango akungoyamba kupsa. Bambo a Thandizo akuti asayansi alibe umboni woti nyama zimadziwiratu zotere. Ananena zimenezi akuyang'ana kumbali.

Anthu akuno ndi Asilamu, aulemu ndi opatsa. Ena amati m'phirimo mumakhala majini. Ena amangoti zonse ndi za Mulungu, ndipo sakonda kuti nkhani ya phiri izikambidwa pa chakudya. Loweruka lapitali Mayi Echata ankakwatitsa mwana wawo ukwati waukulu wa kuno, umene banja limaukonzekera zaka zambirimbiri. Sabata yonse azimayi akuno ankadzola nkhope phala lachikasu la mtengo wonunkhira, ndipo tsikulo anavala golide ndi maluwa. Ine Mayi Echata anandibwereka nsalu yawo.

Cha m'ma 3 koloko masana, ng'oma zili pakati, pansi panalira ngati lole yodutsa pa mlatho. Kenako nthaka inagwedezeka. Mbale zinagwa, khoma la mpanda linang'aluka kuchokera pamwamba mpaka pansi, mbuzi zinadula zingwe. Ng'oma zinaleka. Kunabwera fungo ngati la mazira owola. Bambo wina wachikulire anakweza manja n'kupemphera, onse anavomera, ndipo posakhalitsa ng'oma zinayambiranso. Mkwatibwi anavina misozi ikutsika.

Thandizo ndinamupeza pansi pa tebulo, atadzikodzera. Mukukumbukira mmene tinapulumukira naye pa madzi osefukira a namondwe wa Freddy, mumtengo wa mtondo uja, inu mutamumangirira kumsana kwanu. Nditamutulutsa anandigwira nsalu n'kundifunsa kuti, "Amama, moto ukabwera tikwera mtengo uti?"

Achemwali, ndinangomukumbatira. Kuyambira tsiku limenelo sakudya bwino, ndipo chitseko chikangomenyeka amathamangira panja.

Lolemba bambo ake anakwera phiri ndi anzawo kukakonza makina a pamwamba, ulendo wa maola asanu ndi awiri wapansi. Anabwerako Lachiwiri akutsokomola, maso ali psuu, nsapato imodzi itamatuka kuphazi chifukwa cha kutentha kwa nthaka. Akuti m'chidzenjemo mwatseguka ming'alu yatsopano yotulutsa nthunzi, ndipo mitengo ya m'mphepete yauma masamba. Atasamba anandikhazika pansi n'kunena kuti ine ndi mwana tinyamuke, tibwerere kumudzi.

Tinakangana monga sitinakanganepo chikwatirane. Ndinawauza kuti tipite tonse atatu. Iwo anati odziwa kukonza makinawo alipo awiri okha, ndipo makina akafa, midzi yonse ya m'phirimu ikhala yopanda woichenjeza. Anandifunsa ngati ndingathe kudzawayang'ana kumaso Mayi Echata titathawa choncho. Inenso ndinawauza zoona, kuti ndikangochoka iwo azikagona kuphiri komweko, ndipo chifuwa chimenechi palibe adzachisamale. Ndimawadziwa amuna anga. Mapeto ake tinagwirizana chinthu chimene palibe wa ife akuchifuna.

Thandizo akubwera yekha. Kuno kuli Mayi Priscilla, namwino wochokera ku Chikwawa, amene ntchito yawo yatha mwezi uno, ndipo avomera kuyenda naye. Makalata onse tasaina. Atera ku Chileka Lachisanu pa 29 mwezi uno, masana.

Pempho langa ndi limodzi: mundilandirire mwanayu ndipo mundisungire ngati wanu. Mupite nokha ku Chileka, musatume munthu, kuti nkhope yoyamba kuiona ikhale yanu. Ndikudziwa kuti ndikumutumiza mvula ikuyamba, ndipo sindigona nazo. Choncho mukangomva pa wailesi kuti Ruo akukwera, musadikire kuona madzi pakhomo monga timachitira kwathu. Mumutengere kwa achimwene a Paulo kwa Kasisi, kumtunda kuja, ngakhale anthu akusekeni. Amayi muwauze kuti mdzukulu wabwera kudzadya nawo Khirisimasi. Zinazi ndidzawauza ndekha.

Lero m'mawa a ku ofesi auza mabanja onse a antchito kuti tiike mapasipoti, mankhwala ndi madzi m'chikwama pafupi ndi khomo, ndipo galimoto iziimikidwa itayang'ana kumunsi. Sizinalengezedwe pa wailesi, akuti akudikira kaye mizere ya masiku atatu. Makina amene ali kumtunda kwa mudzi wathu asiya kutumiza mizere kuyambira 10 koloko. Mwina ndi batire chabe. Bambo a Thandizo apita kukaona, ndipo pamene ndikulemba pano sanabwere.

Mundiperekere moni kwa amayi, kwa alamu a Smart, kwa achimwene a Paulo ndi alamu anga akazi awo, kwa azakhali a ku Chiromo, ndi kwa ana onse. Amayi a chigwirizano muwapemphe atikumbukire m'mapemphero, ife pamodzi ndi anthu a pachilumba chino.

Thandizo sindinamuuzebe kuti ine nditsala. Ndimuuza lero tikadya. Akafika kumeneko adzakufunsani kuti amayi ake abwera liti. Chonde musamutchulire tsiku, ngakhale alire bwanji. Mwanayu amawerenga masiku.

Takhuta, zikomo kwambiri, achemwali. Mulungu akusungeni.

Ndine mng'ono wanu,
Prudence