Odi Wanga, Mfuti Paphewa

South Bend, 21 Novembala 2006

Asuweni a Shadrick,

Ndikhulupirira muli bwino ku Indianapolis. Paja ndinu munandiuza nditapuma ntchito kuti ndisamukire kumidzi kuno, agwape ali mbwee, eni minda savuta.

Loweruka pa 18 ndinapita kukapempha malo osakako nyama. Makomo asanu anandikaniza. Pakhomo lachisanu ndi chimodzi ndinaima pabwalo, mfuti paphewa ngati kwathu, n'kuodira katatu. Mwini nyumba anatuluka ndi yake, n'kundiloza nayo pachifuwa. Ndinagona m'matope, ine wa zaka 64, mpaka apolisi anafika.

Mfuti yanga apolisiwo analanda. Za kukhoti pa 12 Disembala mlamu wanu Chrissie sindinamuuze, inunso musayerekeze.

Nyama ya Khirisimasi munaitanitsa ija kaguleni kubutchala ku Lafayette Road.

Ine msuweni wanu,
Gray