Nyimbo ya mayi Jakina pamanda a mwana

Amayi anga, kaya mwadzuka bwanji kumeneko?

Kuno tilipo, kungoti mtima sunakhale pansi. Ndiyambe ndi zokoma, popeza munkadana ndi munthu wokhuthula mavuto asanapatsidwe ndi mpando womwe. Mng'ono wanga Rozina wachira, mwana wamkazi, ndipo tamutcha dzina lanu. Mawu watengeranso inu, akayamba kulira mbuzi zimathawa pakhonde. Mapira chaka chino anapserera asanabereke, kudimba nako madzi anabwera n'kukokolola mbatata ndi nyemba zomwe. Anthu ayambiranso kulowa m'madambo kukazula nyika, timizu todyedwa ta m'madzi tija, ng'ona zili momwemo. Denga la tchalitchi munkalidandaula lija likudonthabe pomwe paja.

Ntchito yanu yoyambitsa nyimbo anaisenzetsa ine. Ndinkayesa ndi ntchito ya pakhosi chabe. Tsopano ndamvetsa zija munkanena, kuti abusa ndi a Lamulungu, woimbitsa ndi wa sabata yonse. Abusa athu amakhala ku Ngabu, mipingo yawachulukira, ndipo msewu ukaduka timatha mwezi osawaona. Wodwala, woyambana ndi mwamuna wake, wofedwa, onse amagogoda kwa ine. Mpingo nawo mukuudziwa: ife Amang'anja, Asena a kuno ndi a ku Mozambiki, ndiye awa a kumapiri obwera kudzadula nzimbe, amene achuluka kuposa mmene munawasiyira. Munkati nyimbo ndi bwato, usanapalase uyambe waona amene akwera. Ndimayesetsa, Amayi. Ndikayambitsa ya Chichewa, yotsatira imakhala ya Chisena, kuti aliyense apeze pokhala.

Koma chandilembetsa kalatayi ndi nkhani ya mnzanu wa pamtima, mayi Jakina.

Mumpingo muli mtsikana wina dzina lake Esinati, wa ku Dedza, inu simunamuone. Anabwera chaka chatha kutsatira mwamuna wake wodula nzimbe, ndipo Chisena samva ngakhale moni. Mwana wake woyamba, Tadala, anali atangoyamba kuyenda. Anaonda ndi njalayi, kenako kunabwera kutsegula m'mimba. Pofika naye kuchipatala n'kuti zitatha kale.

Abale ake anatsika kuchokera ku Dedza. Abusa analephera kuwoloka, choncho mawu anawerenga mkulu wa mpingo, a Thomu, ine n'kutsogolera nyimbo. Ndinasankha za Chichewa zokhazokha chifukwa cha alendowo. Atatha kukwirira, anthu ali zii, mayi Jakina anayambitsa ya Chisena ija anaimbanso pamanda anu: "Takhuta, Mbuya, takhuta." Amayi a Chisena anavomereza onse, mokoma, misozi ili mbwembwembwe.

Inu ndi ine tinakula tikudziwa kuti Msena akati takhuta, ndiye kuti akuthokoza. Koma m'makutu a anthu a ku Dedza munalowa zina. Iwo anaona amayi osawadziwa atazungulira manda a mwana, akuimba kuti akhuta. Azakhali a Esinati anakuwa kuti, "Mwamva inu? Akuti akhuta! Atidyera mwana, ndiye akutiimbira pamaso pathu!"

Ndinakweza mawu kufotokoza tanthauzo lake, koma maliro anali atasanduka kale mlandu. Wina anakumbukira kuti mayi Jakina anampatsako mwanayo phala la nyika asanayambe kudwala. Zinali zoona. Mukudziwa mmene alili, mwana aliyense wodutsa pakhomo pawo amanyambita chikombe.

Alendowo sindiwaimba mlandu kwambiri. Chandiwawa ndi anthu athu omwe, amene mawuwa anayamwira kubere, amene amati takhuta ngakhale wawapatsa kamchere. Anangoyang'ana pansi. Pobwerera kumanda ena anali atayamba kunong'ona kuti nkhalamba yokhala yokha, yopanda mwana, yochokera kutsidya ku Mozambiki, ndani akudziwa chimene inathawa kwawo. Munthu woti anafika kuno nthawi ya nkhondo ali ndi mtolo umodzi pamutu, walira maliro onse a m'mudzi muno, wasambitsa mitembo ya makolo awo. Ndinachita manyazi ndi mpingo wanga, Amayi, ndipo mpaka lero ndikadali nawo.

Tsiku lotsatira, dzuwa likuswa mtengo, gulu linapita kunyumba kwa mayi Jakina ndi miyala n'kugwetsa denga. Ndinathamangirako, ndinawapeza atabisala kuseri kwa khola la mnansi, magazi akutuluka pachipumi. Ndinabwera nawo kwathu n'kuwayalira mphasa yanu. Ankangobwereza kuti, "Ndachitanji ine, mwananga? Ine ndine mfiti tayu, sindine mfiti ine." Apolisi anabwera, koma mudzi wonse unati sunaone kanthu.

Akulu a mpingo anakumana. A Thomu anati nyimbo za Chisena ziyambe zaima, ndipo mayi Jakina asabwere kutchalitchi mpaka mitima izizire. Ine ndinati mukaletsa nyimbozo ndiye kuti mwavomereza kuti ndi za ufiti. Anandiyankha kuti, "Mwana iwe, ukufuna atiotchere tchalitchi?" Mukanakhala inu mukanawathira mawu awiri okha n'kukhala pansi onse. Ine sanandimvere. Lamulungu lotsatira mabenchi a Asena anali ndi anthu owerengeka, a kumapiri nawonso chimodzimodzi. Ndinayambitsa nyimbo, ovomereza anali ngati udzudzu.

Abale a Esinati atabwerera, ndinayamba kupita kwa iye masana aliwonse. Munkati kwa wofedwa umapita ndi nkhuni, nyimbo umasiya kunyumba. Ndinkamutungira madzi, kumusesera, n'kukhala naye pakhonde osalankhula zambiri. Mwamuna wake anali atabwerera kuminda ya nzimbe, poopa kuchotsedwa ntchito. Ndinkadikira tsiku loti mtima wake utseguke, chifukwa ndinkadziwa kuti mawu amodzi ochokera kwa mayi wa mwanayo akhoza kuzimitsa motowu.

Tsiku lina ndinalimba mtima n'kuyambanso kumufotokozera za mawu aja. Anandidula. Anati, "Achemwali, ndamva kale, akuti ndi kuthokoza. Sindikukana. Koma mundiuze, pamanda a mwana wanga ankathokoza chiyani?"

Amayi, mavesi onse amene munandiloweza anandithawa. Zaka zonsezi ndaimba nyimbo imeneyi pa maliro a nkhalamba zofa ndi imvi, sindinaganizepo mmene imamvekera kwa mayi amene mabere akadali kuchucha mkaka. Mukanamuyankha chiyani inu? Ine ndinangomugwira dzanja. Patapita nthawi ndinamupempha kuti angoimirira mumpingo n'kunena kuti alibe nawo chifukwa mayi Jakina. Anandiyang'ana ndi maso ouma n'kunena kuti, "Ndilibe mphamvu yopulumutsira munthu. Wanga yemwe ndinalephera." Sindinamukakamize. Nkhosa zonse ziwiri ndi zanga, ndipo sindinathe kupweteka ina kuti ndichiritse inzake.

Kenako miyala inayamba kugwa padenga lathu. Umodzi unaboola lata n'kugwera pafupi ndi pamene Rozina anagoneka khanda. Mayi Jakina anautola, anauyang'ana, n'kuyamba kumanga mtolo wawo. Ndinawaletsa, ndinalira, ndinati tidikire abusa. Iwo anati kutsidya kuli mwana wa mlongo wawo, ngakhale sanamuonepo ndipo sakudziwa ngati ali moyo. Anati sangalole kuti mwana wachiwiri afe dzina lawo likutchulidwa.

Ndinawaperekeza pa minibasi mpaka ku Nsanje, n'kutsikira nawo kudooko. Madzi anali odzaza, ofiira ndi matope. Ndinawapatsa chitenje chanu cha kwaya kuti akafunde, ndi ufa wa mapira umene unatsala m'chidebe. Anakwera m'bwato movutika, miyendo ija mukuidziwa. Atakhala pansi anandigwira manja onse awiri monga amachitira munthu akawapatsa kanthu. Anatsegula pakamwa, lilime linafika pa "ta", n'kuima. Anayang'ana kumanzere, anayang'ana kumanja. Bwato lonselo linali la Asena okhaokha, panalibe ndi mmodzi yemwe woti angamve molakwa. Komabe anatsitsa mawu n'kunena kuti, "Zikomo."

Chibadwire changa sindinawamvepo akutchula mawu amenewo. Wopalasa anakankha bwato, ine ndinakhala pamatope pomwepo n'kulira ngati tsiku lija tinakuikani.

Ndiye nkhani za kuno ndi zimenezo, Amayi. Esinati sindimusiya, mawa ndikupitanso ndi nkhuni. Ndipo ndikukulonjezani kuti tsiku ndidzamve zoti mayi Jakina atsikira kuli chete, ndidzawoloka ngakhale ndekha kukawaimbira m'chiyankhulo chawo, mokweza. Akafika kumeneko uthenga usanandipeze, muwalandire ndinu.

Ndine mwana wanu amene sanasiye kukukondani,
Mariyeta