Ulaliki wa Abusa Unkakoma Chifukwa cha Ine

Aphungu,

Ndiyambe ndakonza bodza limene likuyenda ku Matundo kuno. Mzimu sunandichokere, ndipo chikhulupiriro changa sichinazirale. Ambiri mwa amene akunena zimenezi, buku la Habakuku amakalifunafuna ku Chipangano Chatsopano.

Ndine womasulira pampingo wathu. Abusa Amadeu amalalikira m'Chipwitikizi, ine ndimaima pambali pawo n'kumatembenuzira m'Chinyanja chifukwa cha amayi a ku Angónia ogulitsa mbatatesi, amene ndiwo amadzaza mabenchi. Abusawo ndi munthu wabwino, odwala amawayendera dzuwa la kuno lili paliwombo. Koma kulalikira ndiye ayi. Amazungulira pavesi limodzi ngati mbuzi ya pachingwe. Ine univesidade ndinaisiyira panjira, inde, koma mutu sindinausiye komweko. Choncho iwo akati, "Tikhale ndi chikhulupiriro, abale," ine ndinkaikapo mnofu: Abrahamu, Rute, mlimi wodzala mvula isanagwe. Amayi ankalira, ena mpaka kutembenuka mtima.

Mwezi wathawu amayiwo anabwera ndi nkhuku ndi dengu la mapichesi. Anandidutsa ngati chitsa, n'kukatula pamapazi pa abusa, amvekere, "Mulungu anakudzozani, bambo." Abusa analandira ndi manja awiri. Kwa ine, ngakhale pichesi lovunda.

Lamulungu lotsatira ndinamasulira ndendende zimene ananena, mchere womwe osathira. Akabwereza, nane kubwereza. Atatsokomola ndinatsala pang'ono kutsokomola nawo. Akumbuyo onse anagona. Potuluka mayi wina anandigwira mkono nati, "Mana, mchemwali wanga, mwatani? Mawu a abusa lero mwawaphera m'kamwa."

Tsopano akulu a mpingo akumana Loweruka kuti andipempherere, ndipo ntchitoyo akufuna kupatsa Dalva, mlamu wa abusa, amene Chinyanja chake anachitolera mu chapa, timinibasi ta kuno. Kodi ndikaulule pamaso pa onse kuti ulaliki wokoma uja unali wanga?

Z.K., Matundo, Tete

Mayi Z.K.,

Ndaseka ndithu, koma nkhuku ija sindikuweruzirani. Anakupemphani kumasulira, inu n'kuyamba kulalikira mutabisala kuseri kwa jekete la munthu. Mphatso muli nayo, kalata yanuyi ikuchitira umboni. Koma munkagwirira ndani? Ngati munkagwirira Mulungu, simunaberedwe kanthu, anthu aja anatembenuka. Ngati nkhani ndi mapichesi, kumsika aliko.

Ndipo Lamulungu lonyanyala lija simunalange abusa. Munalanga amayi amene anasiya malonda awo kudzamva mawu, n'kubwerera opanda kanthu.

Musadikire Loweruka. Pitani kwa abusa muli nokha, lilime lanu lakuthwalo mulisiye pakhomo. Muwauze zonse, zowonjezera zija ndi kunyanyala komwe. Muwapemphe kuti muzikhala nawo pansi tsiku lolalikira lisanafike, kuti Abrahamu ndi Rute azitulukira pakamwa pawo, inu muzingowaolotsa. Kenako pemphani kuti muziphunzitsa amayi pamsonkhano wawo wa m'kati mwa sabata, poyera, m'dzina lanu. Munthu wamphatso akasowa poimira amayamba kuba guwa.

Akakana n'kupereka ntchitoyo kwa Dalva, musasamuke mpingo. Khalani pabenchi lakutsogolo, mawu akamusowa muzimunong'oneza. Pamenepo ndiye tidzaone ngati chikhulupiriro chija sichinaziraledi.

Chenjezo langa ndi ili: zokaulula pagulu zisiyeni. Mudzanyazitsa munthu amene tsiku lina adzabwera kudzakuonani muli gone, ndipo mwina sipadzakhala wodabwa. Amayi a mbatatesi aja, tsiku ndi tsiku, malonda awo amanenerera m'Chipwitikizi, ndiye mwina ankamva kale zimene abusa ankanena ndi zimene inu munkawonjezera.