Hampu ya Pakhomo pa Mng'ono Wanu

Okondedwa bambo a ana anga,

Landirani moni wochokera kuno kwanu. Kaya mukudzuka bwanji kumeneko? Chifuwa chija munkadandaula chinatha, kapena mukungochinyengerera ndi madzi otentha monga mwa chizolowezi chanu? Ife kuno tilipo. Mwana wamkulu akupita kusukulu bwinobwino, wamng'ono mano akutsogolo aguluka, ndiye akuseka atagwira pakamwa. Mbuzi yamawanga ija yaswa. Amayi anu aliponso, koma za iwo ndinena kutsogoloku, chifukwa ndiwo andigwiritsa cholembera lero.

Musadabwe kuti ndalemba kalata pomwe foni ilipo. Pa foni inu mumalankhula ngati mukuthawa mvula. Ndisanafike n'pakati pomwe pa nkhani, mwayamba kale zoti mayunitsi akutha. Pepala silidula munthu mawu, choncho pezani pokhala muwerenge mpaka kumapeto.

Msewu uja watha. Mutabwera lero simungauzindikire. Tala wakuda bii, mzere woyera pakati. Pa dambo la pakhomo pathu paja, pomwe malole ankatitimira mpaka m'mimba, aikapo makalavati akuluakulu, madzi akudutsa pansi mwaulemu. Fumbi lija linkatifiiritsa nsidze latha. Ndikayanika malaya oyera ndimawaanula ali oyera ndithu. Zimenezo ndikuyamika, ndisachimwire Mulungu.

Koma paja walira mvula walira matope. Mukukumbukira mmene dambo lija linkatidyetsera? Basi ikatitimira, anthu onse ankatsika n'kudzakhala pakhonde pathu kudikira kuti ikankhidwe. Ine ketulo pamoto, mabanzi, mazira owiritsa, nthochi. Malata a nyumba inoyi anagulidwa ndi matope amenewo, inu mukudziwa.

Lero galimoto zikungodutsa fyuu, ngati kuno kulibe anthu. Tebulo langa ndimaikabe m'mbali mwa msewu. Chimene ndimapindula ndi mphepo ya malole, imene imaulutsa nsalu ya patebulo, ine n'kumaithamangitsa m'munda.

Tsono mumve mmene ndinadzilumira ndekha. Asanathire tala, kapitawo wa anthu a msewu anaitanitsa msonkhano pabwalo la sukulu. Anati chifukwa ana amaoloka msewu popita kusukulu ndi kumjigo, aika chitunda chija chimachititsa galimoto kuchepetsa liwiro, chimene aliyense akungochitcha hampu. Anati papepala lawo hampuyo yagwera pakhomo pathu penipeni.

Pomwepo wokonza njinga uja, amene amadziwa zonse chifukwa anagonako m'tauni, anaimirira. Anati malole akamagunda pa hampu nthaka imanjenjemera, makoma a nyumba zoyandikira amang'aluka ngati mbale yadothi. Ine ndinaganiza za pulasitala wathu watsopano uja.

Ndinaimirira, bambo, ndipo ndinalankhula. Mukundidziwa ndikayamba. Ndinati nyumba yanga sinamangidwe ndi boma, ndinati ndili ndi nkhalamba yodwala yofuna tulo, ndinanena ndi zina zimene sindingalembe pano. Kapitawo anachita kupukuta thukuta. Kenako anafunsa ngati pali wina kumtunda kwa sukulu amene angalole. Mkazi wa mng'ono wanu, amene nthawi yonseyi ankangoyang'ana zikhadabo zake, anayankha motsitsa mawu kuti palibe kanthu, aike pakhomo pake. Ine ndinabwerera kunyumba ndikuyenda ngati ndawina mlandu.

Ndinkadziwa matope, sindinkadziwa tala. Pa msewu wafumbi galimoto imaima paliponse, ungokweza dzanja. Pa tala dalaivala saponda buleki pokhapokha china chake chimukakamize. Ndipo chomukakamiza m'dera lonse lino ndi chimodzi, chili pakhomo pa mng'ono wanu.

Mukanaona mmene pakhalira! Minibasi zonse zimaima pomwepo. Makondakitala amakuwa kuti otsika pa Hampu akonzeke, ngati ndi dzina la mzinda. Mnzangayo wamanga kashopu, wapaka utoto wobiriwira, waika sola ndi filiji. Anthu asiya kumutchula ndi dzina la mwana wake, akuti Mayi a pa Hampu. Munthu amene ankabwera kuno kudzapempha machesi, lero akupita kumjigo atavala nsapato zagogoda.

Tsiku lina ndinapitako ndikunamizira kubwereka sefa, cholinga ndikaone khoma. Ndinazungulira nyumba yonse ngati ndikufuna nkhuku yosochera. Mng'alu palibe, ngakhale waung'ono ngati tsitsi. Wokonza njinga uja masiku ano akandiona amawerama n'kumapopa tayala lopopa kale.

Ndipo musandiuze kuti mkaziyo sankadziwa. Mlongo wake ndi kondakitala. Mkaziyo anakhala duu pamsonkhano paja n'kundisiya ndikudzikumbira dzenje ndi pakamwa panga.

Inde, ndi nsanje. Sindibisa. Ndikamva minibasi ikuchepetsa liwiro kumtundako, ndimayamba kuwerengera ndalama zimene zikulowa m'shopu mwake. Ndapemphera kuti zichoke, sizikuchoka.

Ndinameza manyazi n'kukapeza kapitawo uja akupakira zida zake. Ndinamupempha kuti atiikireko ina yaing'ono kuno. Anandiyang'ana, n'kufunsa ngati sindine mayi aja a khoma. Kenako anati hampu si mkeka woti n'kumausuntha kutsatira mthunzi. Anyamata ake anaseka mpaka wina anagwetsa fosholo.

Zonsezo ndikanapirira. Ndinapiriranso pamene bulangeti ndi shuga munatumiza zija zinatsikira kwa mkazi wa mng'ono wanu, n'kubwera nazo kuno akudziwa kale za m'kati. Ndinapirira pamene munati pa foni mlamu wanu ndi mkazi wochangamuka. Mawu amenewo sindinawaiwale, koma ndinapirira.

Chimene chandikhala pakhosi ndi ichi. Inu ndi mng'ono wanu munapangana pa foni kuti amayi asamukire kumeneko, poti galimoto yopita kuchipatala imaima pakhomo. Munapangana awiriwiri, ine osandifunsa, ngati mukusamutsa kabati.

Bambo, zaka zonse zimene miyendo yawo yakhala ikuvuta, anali nawo ndani? Nthawi ya dzinja, galimoto zitasiya kubwera kuno chifukwa cha matope, ndani ankawakweza pa wilibala n'kuwakankha mpaka kumphambano kuti akatenge mankhwala? Matope m'mawondo, tayala likukana, iwo ali pamwamba ndi ambulera akundikalipira kuti ndikugunda miyala dala. Mayi a pa Hampu nthawi imeneyo ankatisuzumira pawindo.

Ndine amene ndikudziwa kuti mapilitsi amawabisa m'pilo. Ndikudziwa kuti akati sakumva njala, uyenera kusiya mbale pafupi n'kutuluka, ukabwera upeza mwayera. Timakangana tsiku lililonse, za mchere, za kasesedwe, za mmene ndimalerera ana. Koma inu mukudziwa kuti amayi anga anandisiya ndili wamng'ono. Amayi amene ndili nawo pa dziko lino ndi omwewa, olongololawa.

Mng'ono wanu anabwera ndi galimoto yahayala kudzawatenga. Ndinawalongedzera katundu ndekha. Iwo anakwera osacheuka n'komwe, anangoti ndawaikira nsalu yolakwika. Galimoto itachoka ndinalowa kuchipinda kwawo n'kukhala pabedi lopanda zofunda. Ndinalira, bambo. M'mawa mwake ndinapezeka ndatsuka makapu awiri a tiyi.

Patapita masiku ndinadutsa kumeneko. Ndinawaona atakhazikidwa pampando wapulasitiki wokhala ndi khushoni, pakhonde la shopu, botolo la chakumwa chozizira m'manja. Mnzangayo akuitana kuti amayi anga, amayi anga, mokweza kuti ogula amve. Amayi ake kuyambira liti? Ndinapitirira maso ali kutsogolo, moni ndinapereka kwa mtengo.

Tsono dzana masana, dzuwa lili paliwombo, ndinali patebulo langa kuingitsa ntchentche pa nthochi. Ndinaona kanthu kakubwera m'mphepete mwa tala, pang'onopang'ono, kowerama. Lole inakadutsa ikuliza hutala, nsalu n'kuuluka, koma kanthuko sikanapatuke. Nditayang'anitsitsa ndinazindikira ndodo.

Anali amayi anu. Munthu amene kwa zaka sanapitirirepo mtengo wa mango wa pakhomo, chifukwa maenje ndi miyala ya msewu wakale inkawagwetsa. Tala yemweyu ndimamutukwanayu ndiye anawasalazira njira. Anayenda okha kuchokera ku Hampu, kudutsa sukulu, mpaka kutsetsereka kuno.

Ndinathamanga, tebulo n'kugwa. Nditawafika, mawu awo oyamba anali oti ndimathamanga ngati bakha. Achiwiri anali oti aona kale ali patali kuti pabwalo sipanasesedwe.

Ndinayang'ana pansi. Analibe nsapato. Anati masilipasi anawasiya dala pakhomo la chipinda kuti anthu aziganiza kuti agona. Tala wa masana mukumudziwa, amatentha ngati chiwaya. Mapazi onse matuza okhaokha, ena ataphulika. Ndinawabereka kumsana mpaka kunyumba, iwo akudandaula kuti ndaonda, mafupa anga akuwabaya.

Ndikuwaviika mapazi m'beseni, ndinawafunsa chimene athawa, poti kumeneko kuli filiji. Anati kumeneko munthu angafe ndi ulemu. Anati atanena kuti tiyi alibe shuga anawawonjezera, atanena kuti shuga wachuluka anawaphikira wina, osayankha ngakhale liwu limodzi. Anati iwo si mlendo kuti azingouzidwa inde amayi, inde amayi. Anatinso amawakhazika pakhonde kuyambira m'mawa aliyense ali kalikiliki ndi malonda, ndipo akati atseke maso, lole imagunda pa hampu kuti gu, mtima n'kudumpha. Ndiye pa nkhani ya tulo ija sindinaname.

Ndinene chilungamo. Posakhalitsa mkazi wa mng'ono wanu anafika akuthamanga, wopanda gogoda, mpango uli m'manja. Anali atawafunafuna mpaka m'makalavati. Atawaona anagwada n'kulira, ndipo misozi yake inali yeniyeni, ndinaiona. Ndinamupatsa mpando. Ndinamupatsa wothyoka mwendo uja, koma ndinamupatsa.

Mng'ono wanu ndiye wakwiya. Akuti ine ndinawanyengerera. Akuti Lamulungu likudzali abweranso ndi galimoto kudzawatenga, chifukwa awa ndi mawu a mkulu wake ndipo mkazi sangawasinthe. Ine sindinamuyankhe. Mukhoza kuona nokha kukula kwa nkhaniyi, kuti ine ndinakhala chete.

Ndiye ndikugwirani mwendo, bambo a ana anga. Muimbireni Lamulungu lisanafike. Mayunitsi akhalepo tsiku limenelo.

Za kuchipatala musade nkhawa. Wilibala ija ilipo, ndaithira mafuta, ndipo pa tala ikuyenda ngati njinga. Tsiku la mankhwala ndiziwakankha mpaka ku Hampu. Ndizikaima pakhomo pa mnzangayo, anthu onse akundiona, kudikira minibasi. Ndizimupatsa moni. Ngati n'kofunika ndizigulanso chakumwa cha mufiliji mwakemo. Inu mukundidziwa, mukudziwa kuti zimenezi kwa ine n'zolemera kuposa matope aja.

Atenge hampu, ndinamupatsa ndekha. Atenge minibasi zonse, dzina, gogoda, ngakhale mawu anu aja oti ndi wochangamuka. Koma amayi andisiyire.

Ndipo mudziwe ichi. Dzulo ndikuwamanga mabala anandiuza, osaseka, kuti akawatenganso adzabweranso, poti njira aidziwa tsopano. Inu simunaone mmene lole ija inawadutsira. Ine ndinaona, ndipo mpaka lero ndikamva hutala ndimathamanga kukaona ngati amayi ali m'nyumba. Choncho ngati mukana pempho langali, chonde tumizani nsapato zolimba, za mphira yokhuthala pansi, chifukwa amayi anu ayendanso.

Kalatayi ndikaipereka kwa dalaivala wa basi yam'mawa. Mukudziwa kale pomwe ndikaimire kuti basiyo iime.

Mundiperekere moni kwa achemwali anu ndi alamu kumeneko, ndi anzanu onse ogona nawo nyumba imodzi. Ana akuti muwagulire mpira. Amayi ali pomwepa, mapazi ali pa pilo, akufunsa chimene ndikulemba nthawi yonseyi ngati kalaliki. Akuti ndikuuzeni kuti tiyi wa pakhomo pano ngoipa monga kale. Kapu yachiwiri iyi akumwa.

Mulungu akusungeni, akupatseni mphamvu pa ntchito, ndipo akufewetseni mtima.

Ndine mkazi wanu,
Amake ana anu, wa pakhomo popanda hampu